"Anakhalako ku Zomba": kufufuza mbiri ya m'bale amene analowa m'ndende

M'mabanja ambiri muli munthu amene dzina lake limatchulidwa motsitsa mawu. Pamaliro kapena pasadaka, usiku moto ukamazilala, azakhali amangoti, "Agogo anutu anakhalako ku Zomba," kenaka n'kuyamba kukamba za mvula. Mwana wa masiku ano sadziwa poti agwire, pakuti ku Zomba kunali zambiri. Kunali likulu la boma, kunali asilikali a Keyala, kunali chipatala cha odwala misala, kunalinso ndende yaikulu imene inamangidwa mu 1935. Kwathu mawu amenewa ankanenedwa za amalume awo a mayi anga, ndipo panapita zaka ndisanalimbe mtima kufunsa kuti kodi Zomba wake ndi uti.

Amene akufuna kulondola nkhani yotere adziwiretu kuti m'Malawi mulibe buku limodzi, kapena tsamba la pa intaneti, pamene ungalembe dzina la munthu n'kuona ngati anakhalapo mkaidi. Mapepala alipo, koma anamwazikana, ndipo pepala lililonse linatsatira ofesi imene inagwira munthuyo. Choncho funso loyamba si lakuti anali kundende iti. Funso loyamba ndi lakuti anamangidwa ndi yani, nthawi ya boma liti, nanga anaonekera pamaso pa woweruza kapena anangotengedwa. Munthu amene anazengedwa mlandu anasiya mapazi m'maofesi atatu kapena anayi. Munthu amene anatengedwa usiku ndi galimoto yopanda chizindikiro mwina sanasiye phazi ndi limodzi lomwe, ndipo womufuna ayenera kudzera njira ina.

Ulendo umayambira pakhonde la agogo, osati ku ofesi. Chofunika koposa ndi dzina, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Mwamuna wobadwa m'zaka za m'ma 1920 akhoza kukhala ndi mayina anayi: la paubwana, la kuchinamwali kapena kudambwe, la paubatizo, ndi lina limene anapatsidwa ndi kapitawo ku esiteti kapena kumgodi. Kalaliki wa kwa DC ankalemba limene munthuyo wanena tsiku limenelo, n'kuwonjeza dzina la bambo ake, mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu. Phiri, Banda kapena Mwale amene inu mukumutenga ngati dzina la banja lero mwina sanalembedwe n'komwe, chifukwa nthawi imeneyo unali mfunda chabe. N'chifukwa chake dzina la mudzi ndi la mfumu nthawi zina limathandiza kuposa dzina la munthu. Funsaninso mmene mudziwo unkatchulidwira kale, popeza midzi imagawikana ndipo unyakwawa umasintha dzina.

Chaka nachonso n'chovuta. Agogo sadzakuuzani kuti 1951, koma adzakuuzani kuti inali itangotha njala ya 1949, kapena kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chisanabwere, ndiye kuti 1953 isanafike. Ena adzati ndalama zinali zikadali mapaundi ndi masheleni, ndiye kuti kwacha ya 1971 inali isanayambe. Ena amakumbukira ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974, ena kubwera kwa Papa mu 1989, ena Napolo wa ku Phalombe wa 1991. Mukapeza zochitika ziwiri, china cha patsogolo china cha pambuyo, mwatsekera nkhaniyo m'khola la zaka zochepa, ndipo wosunga mafayilo akhoza kukuthandizani. Mukangoti "kalekale" palibe amene angakutsegulireni bokosi loyenera.

Pali mboni ina imene timaiwala: mayina a ana. Rose Chibambo anamangidwa mu 1959 atangobereka kumene, analowa m'ndende ya Zomba ndi khanda lake, ndipo mwanayo anatchedwa Gadi. M'mabanja athu muli a Mavuto, a Masautso, a Tilimbike ndi a Ndaziona amene mayina awo ndi kalata yosungidwa poyera. Funsani chifukwa chimene munthu anapatsidwira dzina, ndipo tsiku lake lobadwa lidzakupatsani chaka.

Tsopano tione njira ya munthu wozengedwa mlandu. Apolisi akamugwira amalemba m'buku lawo la zochitika ndi kutsegula doketi. Kukhoti kumatsegulidwa fayilo ya mlandu yokhala ndi nambala ndi chaka, mmene mumalembedwa mawu a mboni, mawu a woimbidwa mlandu ndi chigamulo. Akapezeka wolakwa, khoti limalemba chikalata chomutumiza kundende, ndipo kundendeko amamulowetsa m'kaundula, kumupatsa nambala, kulemba tsiku lolowa, mlandu wake, utali wa chilango ndi tsiku loyenera kutuluka. Mwa zonsezi, kaundula wa ndende ndiye wouma kwambiri: mzere umodzi basi. Nkhani yeniyeni ili mu fayilo ya kukhoti. Mmenemo ndi mmene mungamve kuti anakangana ndi yani, pamowa uti, chifukwa cha malire a munda uti, ndani anaikira umboni, ndipo iye mwini anadziteteza bwanji. Ine ndimalangiza kuyamba ndi khoti, ndende pambuyo.

Nthawi ya atsamunda anthu ochuluka sankamangidwa chifukwa cha kupha kapena kuba. Ankamangidwa chifukwa cholephera msonkho wa nyumba, kuthawa ntchito pa esiteti, kutcheza kachasu, kapena kumwetsa mwavi ndi kutchula munthu ufiti, zimene lamulo la 1911 linaletsa. Milandu ing'onoing'ono yotereyi inkaweruzidwa mwachangu ndi DC yemwe, amenenso anali majisitireti, ndipo kuyambira 1933 ina inkathera kumabwalo a mafumu amene boma linawavomereza. Kawirikawiri chotsala ndi mzere m'buku la milandu, kapena chiwerengero chabe mu lipoti la pachaka lonena kuti akaidi anali angati. Ngati agogo anu anagwira ukaidi wa mwezi umodzi chifukwa cha msonkho, n'kutheka kuti dzina lawo simulipeza. Komabe lipoti la boma lawo la chaka chimenecho lidzakuuzani mmene mamesenjala ankasakira anthu, ndi mmene nthawi zina ankagwirira akazi kuti amuna awo atuluke kutchire. Chimenecho si chinthu chochepa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mafayilo onenepa kwambiri ndi a anthu amene anagamulidwa kuti anyongedwe. Chilango cha imfa sichinkachitika Bwanamkubwa asanaunike, choncho woweruza ankalemba lipoti, ndipo nthawi zambiri DC ankafunsidwa za mbiri ya munthuyo ndi maganizo a anthu a kumudzi kwake. Banja limene lili ndi bala lalikulu ndi limenenso lili ndi mwayi waukulu wopeza mapepala.

Zonsezi zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Malowa anayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo anakhala a dziko lino patokha chitaganya chitatha. Mafayilo anasanjidwa potsata ofesi imene inawalemba, osati potsata mayina a anthu. Ochokera ku ofesi yaikulu ya boma la atsamunda amayamba ndi chilembo S, pamene a m'zigawo ndi m'maboma amayamba ndi NS kummwera, NC pakati ndi NN kumpoto. Mumayamba mwawerenga mabuku a mndandanda, kulemba nambala ya fayilo, n'kudikira kuti akubweretsereni. Pafupifupi zonse zili m'Chingerezi, zina zolembedwa pamanja movuta kuwerenga. Pitani ndi chiphaso, kandalama kolipira, pensulo ndi masiku angapo, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafayilo a zaka zaposachedwa satsegulidwa kwa aliyense mpaka nthawi yoikidwa itakwana, ndiye funsiranitu. Dziwaninso kuti moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919, ndipo zambiri za zaka za m'mbuyo mwake zinapsa.

Musaiwale kuti maboma anali ndi mayina ena. Wofuna za Nsanje afufuze Port Herald, wa Mangochi afufuze Fort Johnston, wa Mchinji Fort Manning, wa Chitipa Fort Hill. Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje ankalembedwa Mlanje, Nkhotakota ankalembedwa Kota Kota. Mayina a anthu nawo ankapotozedwa chimodzimodzi, choncho yesani kalembedwe kalikonse kamene khutu la mlendo likanamva.

Pali nyengo ziwiri za atsamunda zimene zinasiya mapepala ochuluka mwapadera. Yoyamba ndi kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915. Iye anaphedwa pa 3 February, otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mothamanga, ndipo ena mazana anakwapulidwa ndi kuikidwa m'ndende. Popeza boma linakhazikitsa komiti yofufuza, mayina ndi maumboni ambiri analembedwa, ndipo makope anatumizidwa ku London. Mabanja a ku Chiradzulu, Zomba, Mulanje ndi Ntcheu amene anali ndi ubale ndi mpingo wa Chilembwe wa PIM ayambire pamenepo.

Yachiwiri ndi ya pa 3 March 1959, pamene Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi ndipo mamembala a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo ena ambiri anaweruzidwa pa milandu yokhudza chipani ndi zipolowe. Kusiyana kumeneku n'kofunika: oweruzidwa muwafune m'mafayilo a makhoti, otsekeredwa muwafune m'mindandanda ya misasa. Dr. Banda, Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anatumizidwa ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru. Ena anapita ku Khami, kufupi ndi Bulawayo. Ochuluka anasungidwa kumsasa wa Kanjedza ku Limbe, kumene madandaulo a nkhanza anachititsa kuti pakhale kafukufuku wina wotsogozedwa ndi woweruza Southworth. Ku Nkhata Bay anthu anawomberedwa padoko pamene ankafuna kuletsa kuti abale awo asatengedwe pa sitima ya Mpasa. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain linatuma kudzafufuza zimene zinachitika mu 1959, inamva maumboni a anthu ambiri, otsekeredwa omwe, ndipo mapepala ake amasungidwa ku Oxford. Ku National Archives ya ku Kew, ku London, kuli makalata a pakati pa Zomba ndi London pansi pa nambala ya CO 525. Kulinso mafayilo a FCO 141, amene atsamunda anachoka nawo mwachinsinsi nthawi ya ufulu n'kuwabisa ku Hanslope Park ku England mpaka mlandu wa anthu a Mau Mau a ku Kenya unawaulula, ndipo anayamba kutsegulidwa mu 2012. Mndandanda wa ku Kew umapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo m'bale amene ali ku Britain akhoza kupita kukajambula masamba.

Povuta penipeni ndi pa zaka za pakati pa 1964 ndi 1994. Nduna zitagawanika mu September 1964, ndipo Chipembere ataukira ku Fort Johnston mu February 1965, boma linagwiritsa ntchito malamulo a chitetezo amene ankalola kutsekera munthu popanda mlandu komanso popanda tsiku lotuluka. Panalibe woweruza, panalibe mboni, panalibe chigamulo. Munthu ankatengedwa ndi a Special Branch kapena apayoniya, mwina chifukwa cha mawu amene ananena pamowa, kalata yochokera kwa m'bale wothawira ku Zambia kapena Tanzania, kapena kukana kugula khadi la chipani. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anadzaza ndende ya Dzaleka ku Dowa. Anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi anatengedwa mwaunyinji chifukwa chowaganizira kuti ankathandiza Chipembere. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake kukhoti lililonse. Amenewa timawadziwa chifukwa dziko la kunja linawatchula. Mphunzitsi wa pulayimale, kalaliki wa ku ADMARC kapena mlimi wamba analibe womutchula.

Ngakhale amene anazengedwa milandu ikuluikulu nthawi imeneyo ambiri anapita kumakhoti a mafumu otchedwa Traditional Courts, kumene loya sankaloledwa. Kumeneko ndi kumene anaweruzidwa Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977, komanso Orton ndi Vera Chirwa mu 1983. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Ngati m'bale wanu anaimbidwa mlandu wakupha kapena woukira boma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, musathere mphamvu zonse ku High Court, chifukwa mlanduwo mwina sunafikeko.

Nanga wotsekeredwa wopanda dzina lotchuka tingamupeze kuti? Khomo lalikulu ndi National Compensation Tribunal, bwalo limene malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa kuti lipepese amene anazunzidwa ndi boma lakale. Linapatsidwa zaka khumi ndipo linatsekedwa mu 2004. Anthu oposa 20,000 anakalembetsa madandaulo, ndipo aliyense ankafotokoza kumene anagwidwa, kumene anasungidwa, zaka zimene anakhala, ndi katundu amene analandidwa. Kwa banja, amenewa ndi mawu a mwini wake, osati a womumanga. Ambiri sanalandire chipepeso chonse, ndipo ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti pa nkhaniyi mu 2017. Choncho fufuzani m'sutikesi ya malemu, m'Baibulo, pansi pa matiresi: kalata iliyonse ya bwaloli yokhala ndi nambala ya dandaulo ndi kiyi. Muli nayo m'manja, mungathe kulembera High Court kapena Ombudsman n'kufunsa kumene fayilo ili.

Palinso timakomo tina. Government Gazette inkasindikiza mayina a anthu amene katundu wawo walandidwa pansi pa lamulo la Forfeiture la 1966. Malipoti a Amnesty International a zaka zimenezo amatchula mayina a otsekeredwa ena. Kuntchito kwa munthu kungakhale fayilo yosonyeza tsiku limene malipiro anaimitsidwa popanda chifukwa cholembedwa. Mabuku a mpingo amasonyeza pamene mkulu wa mpingo anasiya kupezeka pamisonkhano ndi pamene anabwerera. Nyuzipepala zakale, monga Nyasaland Times, zikupezeka ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ili ndi zambiri za mbiri ya dziko lino. Koposa zonse, alipobe amoyo amene anagona m'chipinda chimodzi ndi m'bale wanuyo. Akaidi a ndale ankadziwana mayina, kwawo ndi matenda awo, ndipo ankaloweza dala kuti wotuluka akauze abale. Anthu amenewa akutha chaka ndi chaka, mofulumira kuposa mmene chiswe chikudyera mapepala.

Mabanja ena nkhani yawo siili m'Malawi muno. Tili ndi matchona, amuna amene anapita ku Joni, ku Salisbury kapena ku Wankie osabwereranso. Ena mwa iwo anasiya kulemba makalata chifukwa anali m'ndende, kawirikawiri pa mlandu wa chitupa kapena wothawa kontirakiti. Ku South Africa mndandanda wa mafayilo a boma wotchedwa NAAIRS umafufuzika ndi dzina pa intaneti, ngakhale umangoonetsa mutu wa fayilo, osati zam'kati. Mapepala akale a Wenela ndi Teba, kampani imene inalowa m'malo mwake, akusungidwa ku University of Johannesburg. Ku Harare kuli National Archives of Zimbabwe. M'maiko amenewa munthu wa kwathu kawirikawiri ankalembedwa ndi dzina limodzi lokha la kuntchito, pambali pake n'kulemba kuti ndi wa ku Nyasaland, choncho nambala ya chitupa kapena ya kontirakiti, ngati yapezeka pa kalata yakale, ndi yamtengo wapatali kuposa dzina.

Za milandu yaposachedwa, lemberani kalata kalaliki wa khoti limene linaweruza, kapena likulu la ndende, mutchule dzina, chaka, ndi ubale wanu ndi munthuyo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo Malawi Human Rights Commission ndiyo imayang'anira. Lamulo lomwelo limatetezanso zinsinsi za anthu, ndipo ine ndikuona kuti n'zoyenera: ngati munthuyo ali moyo, nkhaniyo ndi yake, mufunseni iye. Musadabwenso mukauzidwa kuti fayilo yasowa. Khoti litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza, akaidi anayamba kuweruzidwanso mu 2015, ndipo zinapezeka kuti mafayilo a ambiri a iwo kunalibe. Maloya ndi othandizira awo anachita kupita kumidzi kukafunsa mafumu ndi abale kuti amangenso nkhani ya munthu aliyense. Ngati boma lenilenilo linabwerera kwa anthu a kumudzi kuti lidziwe za akaidi ake, ife tisachite manyazi kudalira azakhali.

Pepala mukalipeza, muliwerenge mukudziwa amene analemba. Mawu a agogo anu anadutsa pakamwa pa womasulira, n'kulembedwa m'chilankhulo chimene iwo sankachimva, ndi munthu amene anali ndi mphamvu pa iwo. Liwu lakuti "chigawenga" kapena "wosokoneza" likuonetsa maganizo a wolembayo. Koma mbali inayo iliponso, ndipo siyenera kubisidwa. Si onse amene analowa m'ndende anali omenyera ufulu. Mungathe kupita mukuyembekeza ngwazi ya 1959 n'kupeza munthu amene anapha mnzake pamowa, ndipo zidzukulu za wophedwayo mukutunga nazo madzi pamjigo umodzi. Mungapeze kuti amene anakanena m'bale wanu kwa apayoniya anali mlamu wake, amene ana ake mumadya nawo nsima pa Khirisimasi. N'chifukwa chake zimene mwapeza ziyambe zafika kwa eni mbumba ndi ana a munthuyo zisanafike pa Facebook kapena pa gulu la banja la WhatsApp.

Kwathu, pepala la amalume aja sitinalipeze ku ofesi iliyonse. Chimene chinatuluka ndi khadi la mpingo limene lili ndi zidindo mwezi ndi mwezi, kenaka mpata wa zaka zitatu wopanda chidindo, kenaka zidindo n'kuyambanso. Nditawaonetsa azakhali mpata umenewo, anaugwira ndi chala nthawi yaitali, ndipo anayamba kutchula mayina a amuna ena anayi a m'mudzimo amene anakwezedwa lole imodzi ndi amalumewo m'mawa umenewo. Awiri mwa mayinawo ali ndi ana amene akadali moyo, ndipo mwezi wamawa ndikupita kukawaona.